Miyala ya ku Aksum: Tikhulupirire Mfumu Kapena Dothi?

Lero tipita kutali ndithu, kumpoto kwa dziko la Ethiopia, m'chigawo cha Tigray, ku tauni yotchedwa Aksum. Kumeneko kuli zipilala zamiyala zitalizitali zimene zinaimikidwa zaka zoposa 1,600 zapitazo, ndipo kulinso miyala ina yocheperapo imene mafumu analembapo mawu awo. Funso lathu lero ndi ili: mwala wakale ukakhala ndi mawu olembedwa, tiukhulupirire mpaka pati? Mfundo imene ndikufuna tiilingalire limodzi ndi yakuti mwala wolembedwa ndi mboni yofunika zedi, koma ndi mboni imodzi yokha, ndipo amene anaituma ndi mfumu. Paja pabwalo la milandu kumudzi amfumu sagamula atangomva mbali imodzi; amaitana mboni zina n'kuona ngati mawu akugwirizana. Akatswiri ofukula zakale amachita chimodzimodzi, ndipo mboni yawo yachiwiri ndi dothi.

Aksum linali likulu la ufumu umene unali ndi mphamvu kwa zaka pafupifupi 600, kuyambira patangopita nthawi pang'ono Yesu atabadwa. Chuma chake chinkadzera pa doko la Adulis, pa Nyanja Yofiira, m'dziko limene lero ndi Eritrea. Minyanga ya njovu inkatulukira pamenepo kupita ku maiko a Aroma, ndipo nsalu, vinyo ndi ziwiya zagalasi zinkalowera pomwepo. Mafumu ake ankasula ndalama zawozawo za golide, siliva ndi mkuwa. Muzikumbukire ndalama zimenezi, chifukwa tikumana nazo kawiri kutsogoloku.

Tiyambe ndi zipilala zija. Chachikulu pa zonse n'chotalika mamita 33 ndipo chimalemera matani pafupifupi 520. Si miyala yomangidwa pamodzi ayi, ndi mwala umodzi, wosemedwa kuchokera kuthanthwe la phiri lina la kumadzulo kwa tauniyo n'kukokedwa mtunda wa makilomita angapo. Amisiri anausema kuti uzioneka ngati nyumba ya nsanjika 13. M'munsi muli chitseko chosatseguka, chosemedwa m'mwalamo. Pamwamba pake pali mizere ya mawindo, ndipo pakati pa nsanjika ndi nsanjika pali timitu tobulungira totulukira kunja, tosonyeza mapeto a mitengo yopingasa imene omanga a ku Aksum ankaika m'makoma a nyumba zenizeni. Ntchito yonseyi, luso lonseli, koma palibe ngakhale lembo limodzi. Zipilala zazikulu za ku Aksum sizinena dzina la amene anaziimika kapena chifukwa chake. Chimodzi mwa izo, chimene chakhala chili chiimire kuyambira kale mpaka lero, anthu amachitcha chipilala cha mfumu Ezana, koma dzina limenelo ndi anthu anachipatsa pambuyo pake, pamwalapo silinalembedwe.

Nanga tinadziwa bwanji ntchito yake? Tinadziwa pofukula. Gulu la akatswiri a ku Germany lotsogozedwa ndi Enno Littmann linayeza ndi kujambula malowa mu 1906. Neville Chittick anafukula m'zaka za m'ma 1970, ndipo David Phillipson anapitiriza m'zaka za m'ma 1990. Pansi pa bwalo la zipilalazo anapezapo manda akuluakulu okhala ndi zipinda ndi makonde. Ngakhale kuti akuba anali atalowamo kalekale, munali mutatsala minyanga yosemedwa mwaluso, mbiya, zitsulo ndi magalasi osweka. Ndiye kuti zipilalazo zinali zizindikiro za manda a mafumu ndi anthu olemera. Dothi linayankhanso funso lina. Chipilala chachikulu chija chili pansi, chothyokathyoka. Nkhani ya pakamwa imati anachigwetsa ndi mfumukazi Gudit, amene anasakaza dzikolo m'zaka za m'ma 900. Koma pansi pa zidutswa za malo amene chinagwerawo panapezeka ndalama za mfumu Ouazebas, wa chakumapeto kwa zaka za m'ma 300, zimene zikusonyeza kuti chinali chitagwa kale zaka mazanamazana Gudit asanabadwe. Akatswiri ambiri amaganiza kuti chinagwa pomwe ankachiimika, poti tsinde lake lolowa pansi linali lalifupi kwambiri poyerekeza ndi kutalika kwake. Taganizani, kandalama kongokwana pachala kuthetsa mkangano wa mwala wa matani 520.

Tsopano tipite ku miyala imene imayankhula. Mfumu Ezana inalamulira m'zaka za m'ma 300 ndipo inasiya miyala ingapo yolembedwa. Wotchuka kwambiri ndi mwala wosalala, wotalika kuposa munthu, umene nkhani imodzi inalembedwapo katatu: m'Chigiriki, m'chiyankhulo cha dzikolo chotchedwa Ge'ez, ndiponso m'zilembo za kum'mwera kwa Arabia. Nkhani yake ndi ya nkhondo. Anthu a mtundu wa Beja, okhala kumpoto, akuti anaukira. Ezana anatuma abale ake awiri, mmodzi mwa iwo Saizana, kuti akawagonjetse. Iwo anabwera ndi mafumu asanu ndi imodzi a Abeja, anthu 4,400, ng'ombe ndi nkhosa. Mwalawo umati mfumu inawadyetsa ndi kuwamwetsa kwa miyezi inayi, inawaveka, kenako n'kuwapatsa malo ena okhala. Umatchulanso mafano amene mfumu inapereka kwa mulungu wake wankhondo, Mahrem: limodzi lagolide, limodzi lasiliva, atatu amkuwa. Kumapeto kuli temberero kwa aliyense amene angadzagwetse kapena kuchotsa mwalawo.

Mukamva zimenezi mukhoza kunena kuti mfumuyi inali yachifundo, yodyetsa ngakhale adani ake. Komatu tamvetserani bwino. Zimene mwalawo ukufotokoza ndi kusamutsa anthu mokakamiza, kuwachotsa m'dziko la makolo awo pamodzi ndi ziweto zawo, kuti asadzaukirenso. Mayi wa Chibeja amene anayenda ulendo umenewo ndi mwana kumsana sanalembe mwala wake. Akanalemba, sindikukhulupirira kuti akanayamba ndi kuwerenga mikate imene anapatsidwa panjira. Palinso china. Kumayambiriro kwa mwalawo Ezana amadzitchula mfumu ya Aksum, ya Himyar, ya Saba ndi madera ena ambiri. Himyar ndi Saba ali kutsidya la nyanja, m'dziko limene lero ndi Yemen. Nawo anthu a kumeneko ankalemba pamiyala, ndipo miyala yawo ikusonyeza kuti asilikali a Aksum analikodi kumeneko m'zaka za m'ma 200, koma pofika nthawi ya Ezana mafumu a Himyar ankadzilamulira okha. Ezana ankangosunga mayina aulemu a maiko amene anali atapulumuka kale m'manja mwa makolo ake. Ndibwerezenso mfundo yathu: mwala wolembedwa ndi mboni, koma ndi mboni ya mfumu, ndipo imanena zimene mfumu inkafuna kuti zimveke.

Mwala wina wa Ezana unasocheretsa olemba mbiri kwa nthawi yaitali. Umafotokoza za nkhondo yolimbana ndi anthu otchedwa Noba ndi Kasu, cha ku mtsinje wa Nile m'dziko la Sudan, ndipo umati asilikali a Aksum anatentha midzi ya nyumba zamiyala ndi zaudzu, anaononga mbewu ndi thonje. Mabuku ambiri akale anangotenga mawu amenewa n'kulemba kuti Ezana ndiye anagwetsa ufumu wotchuka wa Meroe. Ofukula atakumba ku Meroe ndi m'manda ozungulira anapeza kuti ufumuwo unali utayamba kale kufooka: manda a mafumu ankacheperachepera, nyumba zina zinali zitasiyidwa, ndipo miyambo yatsopano ya maliro inali italowa. Nkhondo ya Ezana inachitikadi, koma inapeza ufumu umene unali ukutha kale, ndipo mpaka lero akatswiri amatsutsana ngati asilikali ake anafika mumzinda wa Meroe weniweniwo pa ulendo umenewo.

Apa wina anena kuti, ngati zili choncho, bwanji osangoitaya miyala yodzitamayi n'kumadalira zofukula zokha? Funsoli ndi lomveka, koma sindikugwirizana nalo, ndipo chifukwa chake ndi nkhani ya chipembedzo. M'miyala yake yoyambirira Ezana amadzitcha mwana wa Mahrem. M'miyala ya pambuyo pake dzina la Mahrem mulibenso. Mfumu ikuyamika Ambuye wa Kumwamba. Tikanakhala ndi miyala yokha tikanakayika, koma pali mboni zina ziwiri zimene sizinapangane ndi miyalayo. Yoyamba ndi ndalama zija. Ndalama zoyambirira za Ezana zili ndi chizindikiro cha mwezi wongooneka kumene ndi kabwalo pamwamba pake, chizindikiro cha milungu yakale. Za pambuyo pake zili ndi mtanda. Mfumu ndi yomweyo, dzina ndi lomwelo, chizindikiro chasintha. Mboni yachiwiri ndi kalata imene mfumu ya Aroma, Constantius Wachiwiri, inalembera Ezana ndi Saizana cha m'ma 356, yokamba za Frumentius, bishopu woyamba wa Aksum. Kalatayi anaisunga m'zolemba zake ndi Athanasius, bishopu wa ku Alexandria. Mwala ku Ethiopia, ndalama m'dothi, kalata ya mfumu ya Aroma yosungidwa ku Egypt, zonse zikutchula anthu omwewo ndi nyengo yomweyo. Mboni zikagwirizana chotere, mlandu watha: Ezana analowadi Chikhristu, ndipo Aksum unali umodzi mwa maufumu oyambirira padziko lapansi kuika mtanda pa ndalama. Popanda miyalayo sitikanadziwa dzina la mulungu amene anasiyidwayo, sitikanadziwanso kuti ndi m'nyengo imeneyi pamene alembi a Ge'ez anayamba kusonyeza mawu a liwu m'zilembo zawo, kalembedwe kamene Chiamhariki ndi Chitigirinya zikugwiritsabe ntchito lero. Choncho mwala sutayidwa. Umafunsidwa mafunso.

Ukafunsidwa bwino umaulula ngakhale zimene mfumu sinafune kunena poyera. Mwala wa m'Chige'ez wonena za nkhondo ya Noba umangoti Ambuye wa Kumwamba, Ambuye wa Zonse, mawu amene munthu wopembedza milungu yakale akanawamva osakhumudwa. Koma mwala wa m'Chigiriki umene unapezeka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 umatchula mosabisa Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, ndiponso dzina la Khristu. Akatswiri ambiri amaona kuti mfumu inkayankhula pawiri: kwa amalonda ndi alendo odziwa Chigiriki inkadzionetsa kuti ndi Mkhristu weniweni, kwa anthu ake inkayenda mosamala. Dothi likuvomereza maganizo amenewa. Pa malo otchedwa Beta Samati, kumpoto chakum'mawa kwa Aksum, gulu lotsogozedwa ndi Michael Harrower linafukula tchalitchi chakale kwambiri, ndipo zotsatira zake zinalengezedwa mu 2019. Pamalopo panapezeka kamwala kovala m'khosi kokhala ndi mtanda, komanso timafano ta ng'ombe ndi mphete yagolide yojambulidwa mutu wa ng'ombe yamphongo, zinthu zogwirizana ndi chipembedzo chakale. Mfumu ikhoza kusintha chipembedzo m'chaka chimodzi, koma anthu ake anatenga mibadwo, akugwira zatsopano ndi dzanja limodzi, zakale ndi linalo.

Nanga anthu wamba? Mukawerenga miyala yonse ya Ezana simupezamo mlimi, woumba mbiya kapena amene anakoka chingwe cha chipilala chija. Amenewa timakumana nawo m'dothi mokha. Gulu la Phillipson linafukula nyumba za anthu wamba pa malo otchedwa Kidane Mehret, kumpoto kwa tauni. Ankatenga dothi la m'mafuwa ndi m'madzala n'kulithira m'madzi kuti timbewu topserera tiyandame, kenako n'kutiyang'ana kamodzikamodzi pa makina okulitsa zinthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito imeneyi ndi yotero. Anapeza tirigu, barele, mphodza, thonje, mphesa, ndi kambewu kakang'ono kotchedwa tef kamene anthu a ku Ethiopia amapangira chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku mpaka lero. Ku Aksum kunapezekanso timiyala tambirimbiri tosongoledwa topalira zinthu, kusonyeza kuti mu ufumu wosula ndalama zagolide amisiri ena ankagwirabe ntchito ndi zipangizo zamwala. Kumadzulo kwa tauni kuli bwalo lina la zipilala zing'onozing'ono zosasemedwa bwino, za manda a anthu amene sanali a banja lachifumu. Kwa ine, Aksum weniweni ali apa, kuposa m'mayina aulemu a Ezana.

Pali kutsutsa kwina kumene ndikuona kuti n'kolimba kuposa koyamba kuja. Wina anena kuti, mwati mfumu ili ndi mbali yake, nanga wofukulayo alibe? Phale kapena fupa siliyankhula. Amene amaliyankhulira ndi munthu, ndipo munthuyo ali ndi maganizo ake. Izi ndi zoona, ndipo umboni wake uli pafupi nafe, ku Great Zimbabwe, kumene kuli makoma akuluakulu amiyala opanda lembo lililonse. Karl Mauch atafikako mu 1871 ananena kuti ndi ntchito yokhudzana ndi mfumukazi ya ku Sheba. Richard Hall, pofunafuna umboni wa omanga ochokera kunja, anakumba n'kutaya dothi lochuluka limene linali ndi mapale ndi zinthu za eni dziko. Ku Aksum nakonso akatswiri oyambirira ankakonda kunena kuti chitukuko chonse chinabwera ndi anthu ochokera ku Arabia. Owerenga miyala nawo amalakwitsa: wamalonda wina dzina lake Cosmas, amene anakopera zolembedwa za pa doko la Adulis m'zaka za m'ma 500, anaphatikiza nkhani za mafumu awiri osiyana, wina wa ku Egypt wina wa ku Aksum, poganiza kuti ndi nkhani imodzi. Yankho langa ndi lakuti zolakwa zonsezi zinakonzedwa ndi umboni womwewo, utaonedwanso mosamala. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anakumba ku Great Zimbabwe motsata miyalo ya dothi, chapamwamba chatsopano, chapansi chakale, ndipo anasonyeza kuti omanga anali anthu a mu Africa momwemuno. Kuyeza zaka za makala ndi matabwa kunadzatsimikiza pambuyo pake. Ku Ethiopia, kufukula kwa pa phiri la Beta Giyorgis, pamwamba pa Aksum, kunasonyeza kuti mwambo woimika miyala pamanda unayamba pang'onopang'ono pakati pa eni dera, zipilala zazikulu zisanabwere. Kusiyana kwake ndi kumeneku: Ezana sangabwerenso kudzasintha mawu ake, koma zonena za wofukula aliyense wina akhoza kudzaziyesa.

Komabe kuyesako kumatheka pokhapokha chinthu chikapezeka pamalo pake, ndipo iyi ndi mbali yomaliza ya nkhani yathu. Kandalama ka Ouazebas kanayankha funso chifukwa cha pamene kanapezeka. Kakanakhala m'thumba la wogulitsa zinthu zakale, kakanangokhala kandalama basi. Mu 1937 asilikali a Italy, m'nthawi ya Mussolini, anatenga chipilala chachiwiri pa kukula n'kukachiimika mumzinda wa Rome. Dziko la Italy linavomera mu 1947 kuti lidzabweza katundu wa Ethiopia, koma chipilalacho chinabwerera mu 2005, pa ndege, m'zidutswa zitatu, ndipo chinaimikidwanso mu 2008. Zaka zonsezo chinali pakati pa magalimoto, kutali ndi manda amene chinasemedwera. Yerekezani ndi mwala wina wa Ezana wa mitundu itatu ya zilembo, umene alimi anaupeza akulima m'zaka za m'ma 1980. Sanauswe kuti amangire maziko, sanaugulitse. Unasiyidwa pomwepo, anaumangira kanyumba, ndipo ofufuza akhoza kufunsa chifukwa chake mfumu inauika m'mbali mwa njira yolowera mumzinda kuchokera kumpoto, mbali imene Abeja ankakhala.

Omvera athu, tisanasiyane ndikusiyireni funso loti mukambirane kunyumba. Zolembedwa zimene zikuikidwa lero pa miyala ya maziko a sukulu, milatho ndi zipatala zimatchula ndani, ndipo zimasiya ndani? Wodzafufuza zaka 1,000 zikubwerazi adzafunika umboni wina uti kuti adziwe amene anaumba njerwa? Kuno kwathu tilinso ndi miyala yosunga mbiri. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zithunzi zojambulidwa pamatanthwe, zina za Abatwa, zina za Achewa, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Mukapita kumeneko musalembepo mayina anu ndi makala kapena choko, musathirepo madzi kuti chithunzi chioneke bwino, musasonkhe moto pansi pa thanthwe. Mukapeza mapale, mikanda, mafupa kapena ng'anjo yakale polima kapena pokumba maziko, zisiyeni pomwe zili, dziwitsani amfumu ndi a ku nthambi ya boma yoona za malo ndi zinthu zakale.